PHUNZIRO LA MASAMU: ZA MZERE WOGWA SIKWEYA PA UNZAKE

 Mwezi uno tafuna kuti tikhale pansi pamodzi ndi kuphunzira kanthu ka masamu. Tidziwa kuti ena a inu pakumva mau awa mudzati, "Masamu ndi a ana a sukulu, ife tinakula kale." Koma tikupemphani mutilezere mtima kufikira mutamva chimene chatiutsa kulemba, pakuti nkhani yake ikhudza makasu anu, thukuta lanu, ndi ndalama za m'thumba mwanu.

Chaka china tinali pa mudzi wina, kumene anthu anapangana kukokera madzi ku sukulu yao. Paipi yaikulu ya madzi inali kudutsa chapafupi, yoongoka ngati chingwe chokoka. Anthu anasonkha ndalama nagula mapaipi 9, yense wa mamita 6, nalawira m'mamawa amuna ndi akazi, makasu ndi mapiki pa phewa. Koma panalibe munthu woyesa njira. Mkulu wina anangoloza ndi dzanja nati, "Paipi ili uko, kumbani molunjika kumpoto." Anakumba masiku angapo, ndipo pakuyala mapaipi, taonani, anatha asanafike, naperewera awiri. Ndalama zinalibe. Mvula inadza nikwirira ngalande, ndipo ana anapitirira kutunga kudambo kufikira anthu atakolola ndi kusonkhanso. Pamene tinayesa malowo pambuyo pake, tinapeza kuti mapaipi 9 aja akadakwanira ndithu, ngalande ikadakumbidwa poyenera pake.

Ntchito yotere si yachilendo m'dziko lathu la Malawi. Pamene ntchito yokoka madzi a m'mapiri ndi mapaipi inayamba ku Chingale, m'boma la Zomba, chaka cha 1968, ndi pamene inafalikira m'midzi yozinga phiri la Mulanje, okumba ngalande anali eni mudzi okha ndi manja ao. Chotero mita ili yonse yokumbidwa pachabe ili kutopa kwa munthu wina amene timdziwa dzina. Tsono mau a phunziro lathu ndi awa: njira yaifupi koposa zonse, yochokera pa malo amodzi kukafika pa mzere woongoka, ndiyo imene igwa sikweya pa mzerewo. Ndipo tifuna kukuonetsani m'mene munthu angaipezere njirayo ndi pensulo, asanagwire khasu.

1. SIKWEYA NCHIYANI?

Yense amene anaona mmisiri wa njerwa kapena wa matabwa aidziwa sikweya, chitsulo chija cha manja awiri chimene ayesera ngodya ya nyumba kapena ya chitseko. Ngodya ya sikweya ndiyo ya madigiri 90, ndiko kunena gawo limodzi la magawo anai a kuzungulira kwathunthu. Munthu woyang'ana kum'mawa akatembenukira kudzanja lamanja nayang'ana kumwera, watembenuka sikweya imodzi. Mizere iwiri ikakomana pa ngodya yotere, tinena kuti wina wagwa sikweya pa unzake. Sungani mau awa, pakuti tidzabwera nao kawirikawiri.

2. KUTCHULA MALO NDI NAMBALA ZIWIRI

Kuti tiwerengere njira pa pepala, tiyenera poyamba kupatsa malo ali onse dzina la nambala. Tisankhe chinthu chosasuntha, monga mkuyu wa pabwalo, chikhale poyambira pathu. Kuchokera pa mkuyupo tiyese mizere iwiri: wina wopita kum'mawa, wina wopita kumpoto. Mamita opita kum'mawa tiwatcha x. Mamita opita kumpoto tiwatcha y. Tsono nyumba imene ili mamita 20 kum'mawa kwa mkuyu ndi mamita 5 kumpoto kwake tiilemba chotere: (20, 5). Nambala yoyamba ndiyo x nthawi zonse, yachiwiri ndiyo y. Malo a kumadzulo kapena a kumwera kwa mkuyu tiwalemba ndi chizindikiro cha kuchotsa, chimene ana a sukulu achitcha mainasi. Chotero (−8, 3) ndiko kunena mamita 8 kumadzulo ndi mamita 3 kumpoto.

Nzeru iyi ya kukwatitsa mizere ndi nambala inamveka kwambiri ndi munthu wa ku France, René Descartes, wobadwa chaka cha 1596, amene anasindikiza buku lake lotchedwa La Géométrie chaka cha 1637. Mnzake wa dziko lomwelo, Pierre de Fermat, anaipezanso payekha pa zaka zomwezo. Chiyambire pamenepo, chimene anthu akale anachichita ndi chingwe ndi zikhomo chokha, tikhoza kuchichitanso ndi kuwerengera.

3. KUPENDEKA KWA MZERE

Mzere uli wonse woongoka uli ndi kupendeka kwake, kumene ku sukulu akutcha gradient, nakulemba ndi chilembo m. Kupendeka kuyankha funso ili: pamene mzere upita kum'mawa mita imodzi, upita kumpoto mamita angati? Kuti tikupeze, titenge malo awiri a pa mzerewo, tione kusiyana kwa ma y ao, tikugawe ndi kusiyana kwa ma x ao.

Tibwerere ku mudzi uja. Titayesa paipi yaikulu, tiyerekeze kuti tapeza kuti idutsa pa (0, 25) ndi pa (40, 55). Kuchokera pa malo oyamba kufika pa achiwiri, yapita kum'mawa mamita 40, ndi kumpoto mamita 55 − 25 = 30. Kupendeka kwake ndiko 30/40, ndipo pochepetsa tipeza 3/4. Ndiko kunena kuti pa mamita 4 ali onse a kum'mawa, paipi isendera kumpoto mamita 3. Mzere umene popita kum'mawa usendera kumwera uli ndi kupendeka kwa mainasi.

Pano tikuchenjezeni msanga. Kupendeka kumene tinena pano sindiko chitunda kapena kutsetsereka kwa nthaka. Tiyang'ana mudzi monga auonera kabawi ali m'mwamba, ndipo kupendeka kungotiuza kumene mzere walunjika.

4. IKWESHONI YA MZERE

Ikweshoni ndiyo mau a masamu onena kuti mbali ziwiri zilingana, monga sikelo yolemera chimodzimodzi uku ndi uku. Ikweshoni ya mzere woongoka ilembedwa chotere:

y = mx + c

Chilembo m ndicho kupendeka. Chilembo c ndicho malo amene mzere udutsa pa mzere wa kumpoto uja wochokera pa mkuyu, ndiko kunena y pamene x ali 0. Paipi yathu idutsa pa (0, 25), chotero c ndiye 25, ndipo ikweshoni yake ndi iyi:

y = (3/4)x + 25

Ikweshoni ili ngati mlonda wa pachipata. Mukaibweretsera malo, ikuuzani ngati ali pa mzerewo kapena iai. Yesani (40, 55): 3/4 ya 40 ndiyo 30, 30 kuphatikiza 25 ndiyo 55. Mbali ziwiri zalingana, ndiye kuti malowo ali pa paipi.

5. LAMULO LA MZERE WOGWA SIKWEYA

Tsopano tafika pa mtima wa phunziro. Lamulo lake ndi ili: kuti mupeze kupendeka kwa mzere wogwa sikweya, tembenuzani kupendeka kwa mzere woyamba, nambala ya pamwamba ipite pansi, ya pansi ipite pamwamba, ndipo musinthe chizindikiro chake. Chotero 3/4 isanduka −4/3. Ndipo −2/5 isanduka 5/2. Nambala yathunthu monga 2 tiiyesa 2/1, ndipo isanduka −1/2.

Koma sitifuna kuti muloweze lamulo pamtima osadziwa chifukwa chake, pakuti choloweza chabe chiiwalika msanga. Taimani pabwalo, muyende mapazi 4 kum'mawa, ndi mapazi 3 kumpoto. Mzere wochokera pamene munayambira kufika pamene mwaima uli ndi kupendeka 3/4. Tsono titembenuze ulendo wonsewo sikweya imodzi kudzanja lamanja. Woyang'ana kum'mawa akatembenuka chotero ayang'ana kumwera. Chotero mapazi 4 a kum'mawa asanduka mapazi 4 a kumwera. Woyang'ana kumpoto akatembenuka chotero ayang'ana kum'mawa. Chotero mapazi 3 a kumpoto asanduka mapazi 3 a kum'mawa. Ulendo watsopano ndiwo mapazi 3 kum'mawa ndi mapazi 4 kumwera, ndipo kupendeka kwake ndiko −4/3. Mwaona kodi? Nambala zasinthana malo chifukwa mbali za dziko zasinthana; ndipo mainasi wadza chifukwa mzere umene unasendera kumpoto tsopano usendera kumwera.

Pali njira yoyesera ngati mwachita bwino. Chulukitsani kupendeka kuwiriko. Mukapeza −1, mizereyo igwerana sikweya. Taonani: 3/4 × −4/3 = −12/12 = −1.

6. KUPITITSA MZERE PA MALO OPATSIDWA

Mizere yogwa sikweya pa paipi yathu ndi yosawerengeka, monga mapaso a denga agona pa mtanda umodzi, ndipo yonse ili ndi kupendeka −4/3. Koma ife tifuna umodzi wokha, umene udutsa pamene pakhale mpopi. Tiyerekeze kuti mpopi wa sukulu ukhale pa (66, 12), mamita 66 kum'mawa kwa mkuyu ndi mamita 12 kumpoto kwake. Tichite chotere.

Choyamba, tilembe ikweshoni ndi kupendeka kwatsopano, c akali wosadziwika:

y = −(4/3)x + c

Chachiwiri, popeza mzerewo uyenera kudutsa pa mpopi, tiike 66 m'malo mwa x, ndi 12 m'malo mwa y:

12 = −(4/3) × 66 + c

66 kugawa ndi 3 ndiyo 22. 22 kuchulukitsa ndi 4 ndiyo 88. Chotero:

12 = −88 + c

Chachitatu, tiphatikize 88 ku mbali zonse ziwiri, kuti sikelo isapendeke, ndipo tipeza c = 100. Ikweshoni ya ngalande yathu ndi iyi:

y = −(4/3)x + 100

Ana anu a ku sekondale mwina adzakuonetsani kalembedwe kena: y − 12 = −(4/3)(x − 66). Musadodome nako. Ndi mzere womwewo, ndipo akamasula mabulaketi adzafika pa yankho lathu lomweli.

Tsono ntchito yonse ili ndi masitepe atatu okha. Pezani kupendeka kwa mzere woyamba. Kutembenuzeni ndi kusintha chizindikiro. Ikani x ndi y wa malo opatsidwa kuti mupeze c.

7. POKOMANA MIZERE, NDI UTALI WA NGALANDE

Okumba safunsa ikweshoni, afunsa kuti, "Tikhome chikhomo pati, ndipo tikumbe mamita angati?" Tiwayankhe. Pamene ngalande ikomana ndi paipi, y wa mzere wina alingana ndi y wa unzake. Chotero:

(3/4)x + 25 = −(4/3)x + 100

Kuti tichotse magawo, tichulukitse zonse ndi 12:

9x + 300 = −16x + 1200

Tisonkhanitse ma x mbali imodzi ndi nambala mbali ina: 25x = 900, ndipo x = 36. Tibwezere 36 mu ikweshoni ya paipi: 3/4 ya 36 ndiyo 27, kuphatikiza 25 ndiyo 52. Pokomana pake ndi pa (36, 52). Kuchokera pa mpopi, malowo ali mamita 66 − 36 = 30 kumadzulo, ndi mamita 52 − 12 = 40 kumpoto.

Utali wake tiupeza ndi lamulo lakale lodziwika ndi dzina la Pythagoras wa ku Samos. Lamulolo linena za chithunzi cha ngodya zitatu chimene ngodya yake imodzi ili sikweya: chulukitsani mbali ili yonse ya ziwiri zogwira sikweya ndi iyo yokha, phatikizani zimene mwapeza, ndipo zilingana ndi mbali yaitali yochulukitsidwa ndi iyo yokha. Pano 30 × 30 = 900, ndi 40 × 40 = 1600; pamodzi 2500. Nambala imene pochulukitsidwa ndi iyo yokha ibala 2500 ndiyo 50. Ngalande yoyenera ili mamita 50. Mapaipi 9 a mamita 6 afika mamita 54; akwanira, natsalako mamita 4.

Nanga njira ya mkulu uja, yolunjika kumpoto? Pa njirayo x akhala 66 osasintha. Paipi pamenepo ili pa y = 3/4 ya 66 kuphatikiza 25, ndiyo 74.5. Kuchotsapo 12 kutsala mamita 62.5. Anthu aja anakumba mamita 12.5 pachabe, ndipo njira yotere ifuna mapaipi 11. Ndiwo awiri aja amene anaperewera.

8. CHIFUKWA CHAKE NJIRA IYI IPOSA ZONSE KUFUPIKA

Wina adzafunsa kuti, "Kodi palibe njira ina yofupikirapo?" Palibe ndithu, ndipo chifukwa chake nchoonekeratu. Sankhani malo ena ali onse pa paipi. Malowo, pamodzi ndi mpopi ndi pokomana paja, apanga chithunzi cha ngodya zitatu chimene sikweya yake ili pokomanapo. Njira yanu yatsopano ndiyo mbali yopenyana ndi sikweya, ndipo mbali imeneyo ndiyo yaitali koposa nthawi zonse. Njira ya kumpoto ija itsimikiza zomwezi: mbali zake ndizo mamita 50, mamita 37.5 a pa paipi, ndi mamita 62.5. Mukasendera kudzanja lamanja kapena lamanzere kwa pokomana paja, ngakhale pang'ono pokha, njira italika.

9. MIZERE IWIRI IMENE LAMULO SILIIGWIRA

Pali mizere iwiri yoyenera kuisamala. Mzere wolunjika kum'mawa ndi kumadzulo susendera kumpoto konse; kupendeka kwake ndiko 0, ndipo ulembedwa monga y = 7. Simungatembenuze 0, pakuti palibe kugawa ndi 0. Koma maso okha atiuza kuti mzere wogwa sikweya pa umenewo ndiwo wolunjika kumpoto ndi kumwera, umene x wake sasintha. Ukadutsa pa (5, 2), ikweshoni yake ndiyo x = 5. Chimodzimodzi, mzere woyamba ukakhala wa kumpoto ndi kumwera, monga x = 3, wogwa sikweya wodutsa pa (5, 2) ndiwo y = 2. Chotero mkulu uja akadalondola, paipi ikadakhala yolunjika kum'mawa. Koma popeza inapendeka, analakwa.

10. MAENJE AMENE AMBIRI AGWAMO

Ife amene tinakhala pa benchi ya sukulu, ndi kuonanso makope a ana ambiri, tiwadziwa maenje awa, ndipo enanso tinagwamo tokha.

Dzenje loyamba ndilo kutembenuza nambala ndi kuiwala chizindikiro, kulemba 4/3 m'malo mwa −4/3. Lachiwiri ndilo kusintha chizindikiro ndi kuiwala kutembenuza, kulemba −3/4. Onse awiri agwidwa ndi kuyesa kuja kwa −1.

Lachitatu ndilo kusunga c wa mzere wakale. Nambala 25 ndi ya paipi. Ngalande ili ndi c wakewake, amene apezeka ndi malo opatsidwa.

Lachinai ndilo kusinthanitsa x ndi y poika nambala. Kumbukirani kuti kum'mawa kuyamba, kumpoto kutsata.

Lachisanu ndilo kuwerenga kupendeka y asanaime yekha. Mzere ukalembedwa monga 2x + 3y = 12, kupendeka kwake sindiko 2. Chotsani 2x ku mbali zonse ziwiri, mupeze 3y = −2x + 12; gawani zonse ndi 3, mupeze y = −(2/3)x + 4. Tsopano kupendeka kwaoneka, ndiko −2/3, ndipo kwa mzere wogwa sikweya ndiko 3/2. Mzerewo ukadutsa pa (4, −1), tilemba −1 = (3/2) × 4 + c, ndiko kunena −1 = 6 + c, ndipo c = −7. Yankho ndilo y = (3/2)x − 7.

Pomaliza, mukajambula pa kope la timabokosi, kabokosi kamodzi kaimire mamita ofanana popita kum'mawa ndi popita kumpoto. Mukapanda kutero, mizere yogwerana sikweya idzaoneka yokhota, ndipo mudzakaika yankho loona. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Masamu nawo afuna kudekha komweko.

11. KUTSIMIKIZA NDI CHINGWE

Chimene pensulo yanena, chingwe chivomereze. Zaka ngati 300 Khristu asanabadwe, mu mzinda wa Alexandria ku Ejipito, munali mphunzitsi dzina lake Euclid, amene analemba mabuku 13 a masamu otchedwa Elements. M'buku loyamba, pa mfundo ya 12, anaonetsa m'mene munthu angagwetsere mzere sikweya kuchokera pa malo amene sali pa mzerewo. Njira yake ikhoza kuchitika pa nthaka chotere. Khomani chikhomo pa mpopi, mumangepo chingwe chotalika kuposa mtunda wa kupaipi, monga cha mamita 60. Kokani chingwe ndi kuyenda nacho mozungulira, ndipo nsonga yake idzakhudza mzere wa paipi pa malo awiri. Khomani zikhomo pa malo awiriwo, muyese pakati penipeni pa izo. Pakatipo ndipo pokomana pathu, ndipo payenera kulingana ndi (36, 52).

Njira ina ndiyo ya amisiri omanga nyumba. Tengani chingwe cha mamita 12, mumange mfundo pa mamita 3 ndi pa mamita 7, mulumikize nsonga zake ziwiri. Anthu atatu agwire, awiri pa mfundo ziwirizo ndi mmodzi polumikizira, nakoke kufikira chingwe chitaongoka mbali zonse. Mbali zake zidzakhala mamita 3, 4 ndi 5, ndipo ngodya ya pakati pa 3 ndi 4 ndiyo sikweya, pakuti 9 kuphatikiza 16 ndiyo 25. Gonekani mbali imodzi motsata paipi, ndipo inzake iyenera kuloza ku mpopi.

12. PEPALA SILIDZIWA MANDA

Tisanamalize, tinene ichi poyera. Masamu atiuza njira yaifupi pa malo osalala, koma pepala silidziwa pamene pali thanthwe, chulu, munda wa mwini, kapena manda. Silidziwanso ngati madzi adzakhala ndi mphamvu ya kukwera kumene mufuna. Chotero mukapeza mzere wanu, pitani nao kwa amfumu ndi kwa eni minda, mufunsenso a ntchito ya madzi musanakhudze paipi yaikulu. Pajatu safunsa anadya phula. Kapena mudzakakamizidwa kulambalala. Koma ngakhale pamenepo kuwerengera kwanu sikunapite pachabe, pakuti mudzadziwa mamita amene mwaonjeza, ndi mapaipi oyenera kugula, musanayambe kukumba. Ndipo nzeru yomweyi itumikira polambula njira yochokera kunyumba kukafika kumseu, pokumba mfuleni wotaya madzi kungalande, ndi podula malire a munda.

MAFUNSO OYESERA

Tengani pensulo madzulo ano, muitane ndi ana, muyese awa. Pa funso lili lonse pezani ikweshoni ya mzere wogwa sikweya pa mzere wotchulidwa, wodutsa pa malo opatsidwa. Bisani mayankho ndi dzanja kufikira mutatha.

1. Mzere y = 3x − 2; malo (6, 1).
2. Mzere y = −(2/5)x + 4; malo (2, 3).
3. Mzere wodutsa pa (1, 2) ndi pa (5, 4). Malo (3, 8).
4. Mzere y = 9; malo (5, 2).
5. Mseu uli pa mzere y = (5/12)x + 10, ndipo nyumba ili pa (70, 11). Pezani ikweshoni ya njira yaifupi, pokomana pake ndi mseu, ndi utali wake m'mamita.

MAYANKHO

1. y = −(1/3)x + 3.
2. y = (5/2)x − 2.
3. Kupendeka kwa mzere woyamba ndiko 1/2; yankho ndilo y = −2x + 14.
4. x = 5.
5. y = −(12/5)x + 179; ikomana ndi mseu pa (60, 35); utali wake mamita 26.

Amene mwalakwa funso lina, musataye mtima. Bwererani ku masitepe atatu aja, muone pamene phazi linaterereka, muyesenso. Ndipo tsiku limene mudzi wanu udzasonkhana ndi makasu, munthu wina nadzaloza ndi dzanja kuti kumbani apa, mmodzi wa inu aimirire mwaulemu napemphe kuti ayambe ayesa.